Palibe Wotsutsa Madamu

Semina ya Lachinayi inali ndi lamulo limodzi lokha, koma lamulolo ndi limene linkawazunguza mutu Madamu. Sabata iliyonse wophunzira mmodzi ankaima kutsogolo, n'kufotokoza mwachidule nkhani ya kafukufuku imene onse anapatsidwa kuti awerenge, kenako n'kutsogolera zokambirana. Mwini kosiyo, amene onse ankangowatchula kuti a Dokotala, a mabuku osati a jakisoni, ankakoka mpando n'kukakhala kumbuyo pafupi ndi zenera, pakamwa atatseka mpaka nthawi itatha. Malikisi sankapereka chifukwa cha zimene wotsogolera wanena. Ankapereka chifukwa cha zimene wotsogolera wachititsa anzake kunena, ndipo anthu akatsutsana mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera, a Dokotala ankatuluka akumwetulira.

Madamu anali ataphunzitsa ana a kalasi yachiwiri ku pulayimale kwa zaka zambirimbiri asanapatsidwe tchuthi choti akachite digiri. Anafika ku yunivesite imvi zitayamba kale kusuzumira m'mbali mwa mutu, n'kupeza kuti anzawo onse a m'kalasi ndi amsinkhu wa ana awo. Anawo anawalandira ndi ulemu wosaneneka. Wina ankawalandira chikwama pamasitepe, wina ankawapukutira mpando, ndipo Madamu akatulukira pakhonde pamene anyamata akuseka chikhakhali, nthabwala inkafera pomwepo, aliyense n'kuyamba kufunsa za kunyumba. Ulemu ndi wabwino, palibe akukana, koma uwu unali ulemu wotsekera munthu panja. Madamu ankasungulumwa pakati pa anthu owakonda.

Ulendo wawo woyamba wotsogolera semina anaukonzekera ngati kukubwera oyendera sukulu. Anajambula matchati ndi zolembera zamitundumitundu, zilembo zake zoti munthu n'kuwerenga ali kutsidya kwa msewu. Anafotokoza mfundo ndi mfundo, mawu omveka mpaka pakhonde, ndipo akamaliza mfundo ankafunsa monga anazolowera.

"Tili limodzi?"

"Tili limodzi, Madamu."

"Alipo amene akuona mosiyana?"

Munali zii. Ndipo si kuti anawa anali ofatsa ayi. Munali mtsikana wina wamfupi wovala magalasi, amene anzake anam'patsa dzina loti Loya chifukwa sankalola chiganizo cha munthu kudutsa asanachipisepise m'matumba. Sabata yapitayo Loya anali atam'panikiza mnyamata wina wotchedwa Kachipewa mpaka mwana wa eni anavula chipewa chakecho n'kupukuta thukuta, anthu n'kuona mutu wake koyamba. Koma tsiku la Madamu, Loya yemweyo anapinda manja patebulo n'kumagwedeza mutu ngati ali m'tchalitchi.

Atatuluka, a Dokotala anawaitanira mu ofesi yawo yodzaza mapepala mpaka pamipando. Anachotsa mulu umodzi kuti Madamu akhale. Nawonso a Dokotala anali aang'ono kwa Madamu, ndipo zinkaoneka kuti mawu akuwalemera.

"Madamu, mwaphunzitsa bwino kwambiri. Ineyo ndatolapo zinthu. Koma semina sinachitike."

"Nanga ndikanatani, a Dokotala? Ndafunsa, sakuyankha. Ndiwatsine?"

A Dokotala anaseka pang'ono, kenako nkhope inabwerera m'malo. "Mwatsala ndi ulendo umodzi. Ukadzakhalanso chonchi, sindingathe kukupatsani malikisi okhozera. Mudzayenera kubwereza kosiyi chaka chamawa."

Kwa Madamu chaka chamawa kunalibe. Tchuthi chawo chinkatha chaka chomwecho, ndipo akuluakulu a kuntchito anali atanena kale kuti saonjezera. Kulephera kosi imeneyi kunali kubwerera kusukulu kwawo chimanjamanja, kukayang'anizana ndi aphunzitsi anzawo amene anawaperekeza ndi nyimbo, mpaka kuwagulira chikwama cha mabuku chimene ankanyamulachi.

Loweruka masana anapita kushopu ya amuna awo, amene anali telala. Anawapeza akusoka mpendero wa thalauza la sukulu, tepi ili m'khosi, mapini awiri ali pakamwa. Madamu anakhala pabenchi ya makasitomala n'kufotokoza zonse, mawu akukwera pang'onopang'ono. Bambowo anamvetsera mpaka kumapeto, analavulira mapini m'dzanja, n'kuimitsa makina.

"Ndiye vuto n'loti anawo sakukutsutsani?"

"Eya."

"Mayi, ine ndakhala nanu zaka zonsezi. Munandimvapo liti ndikukutsutsani?"

"Inu mumangogwirizana nane chifukwa ndimanena zoona."

"Mwaona? Ndiye mukufuna ana a eni ayambe ntchito imene mwamuna wanu wa ndevu anailephera?"

Madamu anawagenda ndi kansalu kotsala, koma anaseka, ndipo kusekako kunawamasula mutu. Ali pomwepo, akuonerera singano ikukwera ndi kutsika, anakumbukira kanjira kena kamene mphunzitsi aliyense wa ana aang'ono amakadziwa. Kalasi ikagona, umalemba dala cholakwika pabolodi. Umalemba kuti ziwiri kuphatikiza ziwiri ndi zisanu, n'kutembenuka nkhope ili bwinobwino. Sipapita nthawi, timanja tonse tili m'mwamba, ena ataimirira, ena akudumpha, onse akukuwa kuti Madamu mwalakwitsa. Palibe chimene mwana amakonda kuposa kugwira mphunzitsi akulakwa. Madamu ananyamuka pabenchipo mtima uli m'malo.

Nkhani imene inawagwera ulendo wachiwiriwu inali yowakhudza pachilonda. Wolemba wake anayendera masukulu angapo n'kupeza kuti chizolowezi choti ana aziyankha onse pamodzi mokweza, mphunzitsi akatchula iwo n'kubwereza, sichiphunzitsa kuwerenga. Ankati phokosolo limangobisa ana amene sakudziwa kanthu, chifukwa mwana angathe kumangoyasamula pakamwa chaka chonse mphunzitsi n'kumaganiza kuti zikuyenda. Madamu anaiwerenga nkhaniyo mobwereza, akung'ung'udza tsamba lililonse. Iwo anaphunzitsa ana osawerengeka mwa njira yomweyo, ndipo ambiri a iwo lero ndi anthu. M'mbali mwa pepala analembamo mayankho aukali, ena mpaka cholembera kuboola.

Lachinayi linafika. Chipinda cha semina chinali chomwe chija, matebulo ataikidwa mozungulira kusiya mpata kutsogolo, fani ya kudenga ikuzungulira mwaulesi osabweretsa mphepo. A Dokotala anakakhala pamalo pawo pa zenera. Madamu sanabweretse tchati ngakhale chimodzi. Anafotokoza mwachidule amene anachita kafukufukuyo ndi mmene anamuchitira, kenako anatenga cholembera cha pabolodi.

"Mwachidule," anatero akulemba, "wolembayu akutilimbikitsa kuti ana aziyankha onse pamodzi mokweza, chifukwa wapeza kuti imeneyi ndiyo njira yabwino koposa yophunzirira kuwerenga."

Anatsindika mzere pansi pake, n'kutembenuka nkhope ili bwinobwino, kudikira manja.

Manja sanakwere. Mitu yonse inali yowerama, zolembera zikuyenda. Anawo ankakopa. Mnyamata wina wa pakona ankalemba pa laputopu mwachangu kuti asatsalire, ndipo mtsikana wina anagwedeza mutu ngati wamva nzeru zakuya. Bodza la Madamu linkalowa m'makope mwaulemu wonse.

Madamu anayang'ana pamatebulo n'kuona mapepala a nkhani ija, odzaza mizere yachikasu ndi timawu ta m'mbali. Anawa anali atawerenga. Aliyense m'chipindamo ankadziwa kuti wolembayo ananena zosiyana kotheratu. Anangosankha kuwasungira ulemu mayi wachikulire amene, m'maganizo mwawo, wawerenga chozondoka chifukwa mutu watopa. Ankawamvera chisoni. Zimenezi zinawapweteka Madamu kuposa kulephera kumene ankakuopa kuja.

Pakamwa panayabwa kuti anene kuti amangowayesa, akonze chiganizocho, apitirize kuphunzitsa mpaka nthawi ithe. Zikanakhala zosavuta, ndipo digiri ikanathera pomwepo. Ali pafupi kutero, anaona kuti cholembera chimodzi sichikuyenda. Loya anali atachigwira m'mwamba, mlomo wapansi atauluma. Nkhope imeneyo Madamu ankaidziwa bwino. Ndi nkhope ya mwana amene yankho lam'fika pakhosi koma akuopa, ndipo mwana wotere sumutchula dzina, sumuyang'ananso, chifukwa ukatero amalimeza. Umangom'patsa nthawi.

Anaika cholembera pansi. Anachoka kutsogolo kuja, n'kukoka mpando wopanda munthu pakati pa Kachipewa ndi mnyamata wa laputopu, n'kukhala. Anapinda manja n'kumayang'ana bolodi ngati nawonso akudikira mphunzitsi.

Pa moyo wawo wonse wa ntchito Madamu anali asanasiyepo kalasi ili chete chonchi. Chete ameneyu ankawayabwa thupi lonse. Panja munthu wina ankatchetcha kapinga ndi makina, phokoso likupita kutali n'kubwereranso. Wina anatsokomola. Mpando wina unalira. A Dokotala ankayang'ana kunja ngati nkhaniyi siikuwakhudza. Madamu anadziluma lilime, thukuta likutsika kumsana, n'kupitiriza kukhala.

"Madamu." Mawu a Loya anali aang'ono, osafanana ndi mwini wake. "Pepani kwambiri. Mwina pepala langa ndi losiyana ndi lanu."

"Lanulo likuti bwanji?" anafunsa Madamu osatembenuka.

Loya anatsegula tsamba lomaliza n'kuwerenga ndime yonse, mawu akulimba pamene ankapita. Atamaliza anakweza maso. "Ndiye akunena zosiyana ndi zili pabolodizo. Akuti njirayi siithandiza."

"Zoona. Ndinalemba dala. Ndimafuna ndione ngati muno muli anthu amoyo."

Kuseka kunaphulika, kwa anthu amene atula katundu. Mnyamata wa laputopu anayamba kufufuta zimene analemba, anzake akumuloza. Madamu anakhazika mtima pansi, poganiza kuti chovuta chadutsa. Anaiwala kuti Loya akangotsegula pakamwa satseka msanga.

"Ndipo ine ndikugwirizana naye wolembayu," anapitiriza Loya, magalasi atawakankhira m'mwamba. "Ineyo ndinali mwana woyasamula pakamwa uja. Ndinafika kalasi yachinayi ndisakutha kuwerenga dzina langa lomwe, koma ndikakuwa ndinkaposa onse. Palibe mphunzitsi anadziwa. Kunena zoona, kuyankha pamodzi kuja ndi ulesi wa mphunzitsi basi."

Kuseka kunazima ngati wina wathimitsa magetsi.

Ulesi. Makutu a Madamu anatentha. Iwo amene mawu ankawathera teremu iliyonse mpaka kumalankhula monong'ona kunyumba, iwo amene ankafika choko chili m'tsitsi, miyendo itatupa, lero kamtsikana ka magalasi kakuti ulesi. Yankho linabwera lokha palilime, lokonzeka kale: unali kuti iwe mwana wadzulodzuloli pamene ine ndinkayamba kugwira choko? Ankadziwa kuti mawu amenewo amagwira ntchito. Loya akanagwetsa nkhope, akanapepesa, ndipo m'chipindamo simukanamvekanso mawu otsutsa Madamu mpaka tsiku lomaliza. Maso onse anali pa iwo, ndipo m'masomo munkaoneka kuti anawo akudikira mawu omwewo. Ngakhale Loya anali atayamba kale kufota pampando.

Madamu anawameza mawuwo. Anali owawa, ndipo sanatsike mosavuta.

"Zoti ndi ulesi, ayi, sindikuvomera," anatero. "Tatsegulani pamene akufotokoza makalasi amene anawayendera. Munali ana ochuluka bwanji?"

Mapepala anaphokosera. Kachipewa ndi amene anapeza. "Akuti kalasi iliyonse inali ndi ana osapitirira makumi atatu."

"Kalasi yanga ana amakhala mpaka pakhomo, ena amamvera pawindo, buku limodzi mitu isanu. Ndiye mundiuze inuyo, a Loya, mungamumve bwanji aliyense payekhapayekha belu lisanalire?"

Loya anawayang'ana kaye, kufuna kutsimikiza ngati funsolo linali lenileni kapena msampha. Anaona kuti Madamu apsadi mtima, koma apsera mtima mfundo, osati iye. Anadzikonza pampando paja n'kukhala mowongoka.

"Ndiye vuto ndi kukula kwa kalasi, Madamu. Zimenezo sizikusandutsa njirayo kukhala yabwino. Munthu akamadya chakudya chosakoma chifukwa china palibe, chakudyacho sichinakome ayi."

Inawalowa imeneyo. Madamu anadabwa kuona kuti sanafe nazo. Amene anawaombola anali Kachipewa, amene nthawi zonse ankapewa kukumana ndi Loya pamkangano.

"Ine ndili mbali ya Madamu," anatero akukonza chipewa. "Ndili mwana ndinali wachibwibwi choopsa. Mphunzitsi akandiloza ndekha, mawu ankakanirira pakhosi, anzanga n'kumaseka. Koma tikamanena tonse pamodzi, chibwibwi chinkathawa. Ndi nthawi yokhayo imene ndinkamva mawu anga akuyenda bwinobwino. Ndinaphunzira kuwerenga nditabisala m'phokoso lomwelo. Wolembayu anawerenga ana amene phokoso linawabisa osadziwa kanthu. Nanga ife amene linatibisa tikuphunzira, anatiwerenga?"

"Nkhani ya munthu mmodzi si kafukufuku," anatero Loya.

"Nanga yako ija inali ya anthu angati?" anabweza Kachipewa.

Apa ndiye zinayaka. Mnyamata wa laputopu anatseka laputopu yake n'kunena kuti onse awiri akusochera, chifukwa wolembayo anayeza kuwerenga kokha, sanayeze kulimba mtima kwa mwana. Mtsikana wogwedeza mutu uja, amene Madamu anali asanamvepo mawu ake chiyambire chaka, anafunsa ngati sizingatheke kuyamba ndi onse pamodzi kenako n'kumatapamo mmodzimmodzi, ndipo wina anamuyankha kuti m'kalasi yodzaza ukatapa mmodzi ena onse amayamba kumenyana kumbuyo. Mawu ankadumpha kuchoka tebulo ili kupita tebulo ilo osadzeranso kwa Madamu. Ena ankamenya pepala ndi chala, ena ankafufuza tsamba loti liwaikire kumbuyo. Madamu ankangotembenuza mutu uku ndi uku, nthawi zina n'kuponyamo funso pamene moto wayamba kuchepa, ndipo ulendo wina analetsa Kachipewa kuti asiye kaye mtsikana uja amalize.

Pakhomo panayamba kusuzumira nkhope za ophunzira a kosi ina amene ankadikira chipindacho. A Dokotala anawakwezera dzanja kuti adikire, kenako anakoka mpando wawo kuchoka pa zenera paja n'kuusendeza pafupi ndi matebulo kuti amve bwino. Madamu anaziona zimenezo, ndipo anadziwa tanthauzo lake. Chimwemwe chinawadzaza pachifuwa. Koma sanakhale nacho nthawi yaitali, chifukwa Loya anali atanenanso chinthu china chosamveka, choti mphunzitsi amene sadziwa mwana aliyense payekha ndiye kuti sakuphunzitsa koma akungoweta, ndipo chimenecho sichikanangodutsa.

"Pamenepo ndiye mwaphonya," anayamba Madamu. "Mphunzitsi wozolowera amamva m'phokoso momwemo kuti uyu akungotsatira, uyu akudziwa. Khutu limaphunzira. Ine ndikaima kutsogolo..."

"Ayi, Madamu, dikirani kaye, sindinamalize."

Loya ananena zimenezi osawayang'ana n'komwe, dzanja atalitambasulira kwa Madamu kuti aime, maso ali papepala kufunafuna mzere umene ankaufuna. Kenako anazindikira chimene wachita. Dzanja lija linabwerera n'kukatseka pakamwa, maso atatuzuka kuseri kwa magalasi. M'chipinda munayambanso kuzizira.

Madamu anali asanadulidwepo mawu ndi mwana chiyambire ntchito. Anadzifufuza mumtima kuti apeze mkwiyo, koma anapezamo kukoma kokhakokha, ngati munthu amene waima panja nthawi yaitali ndipo wina wam'tsegulira chitseko osafunsa n'komwe kuti ndi ndani.

"Malizani," anatero. "Koma mufulumire, chifukwa yankho lanu ndili nalo, ndipo silikusangalatsani."

Loya anachotsa dzanja pakamwa, anaseka, n'kupitiriza pomwe anasiyira, mosachepetsa ngakhale pang'ono. Asanamalize, manja atatu anali kale m'mwamba. Madamu anayang'ana manjawo, anayang'ana bolodi lopanda munthu kutsogolo kuja, ndipo nawonso anakweza lawo.

Loya atatseka mfundo yake, mtsikana wogwedeza mutu uja analoza Madamu kuti alankhule. Kachipewa anakana.

"Ayi, ine ndinayamba kukweza. Madamu ali pambuyo panga."

Madamu anasiya dzanja lawo m'mwamba n'kudikira nthawi yawo.